Atate Aakazi Sakhala M'motoka

Azimai anzanga, masana abwino. Mpando mwandiikila ndauona, zikomo, koma mundilole ndikambe chiimile. Ndikayamba kuyendayenda apa kutsogolo musadabwe, thupi langa silidziwa kukhazikika, ndi mmene ndinabadwila. Dzina langa ndine Esnati, ndikhala ku mafulati a ku Kabwata, pamwamba penipeni. Andiuza kuti ambili mwabwela chifukwa cha msana, ena mawondo, ena chiuno. Ndakuonani polowa. Wina wagwila chitseko pokwela sitepe, wina wasankha mpando wa kumapeto kuti akafuna kuimilila asasokoneze anzake. Zonsezo ndazichita, ndipo ndinafika poipa kuposa apo. Ndiye mvetselani, sindibisa kanthu.

Ndinagwila nchito zaka zambili mu ofesi ya kampani ina yosunga katundu ku Heavy Industrial Area. M'mawa minibasi, kukhala. Mu ofesi, kukhala. Madzulo minibasi futi, mawondo ali pachifuwa, chikwama cha munthu wina chili pakhosi. Msana unayamba ngati nthabwala. Ine ndine munthu waphuma, ndinalibe nthawi yodwala. Ukawawa ndinkathamangila ku kemisiti, kumeza mapilisi, kubwelela pa desiki.

Kenaka mlongo wanga Yotamu anamwalila mwadzidzidzi. Tinabadwa awili chabe. Mkazi wake anali atatsogola kale mwana wao ali wamng'ono, ndiye mwanayo, Tiyamike, tinalela tonse, iye ndi ine. Malilo anali ku Chilenje. Mudziwa mmene tichitila: mipando yonse kunja kwa azibambo, azimai m'nyumba pansi, miyendo yotambasula, msana kukhoma. Ndinakhala pakona monga mlongo wa malemu. Tsiku loika, atanena kuti basi yafika tiyeni, onse anaimilila. Ine ndinati ndiuke, msana unakana. Chinthu chinandibaya m'chiuno nkutsika mwendo wa kumanzele mpaka ku chala. Ndinakuwa, anthu anayesa ndikulila malilo, anayamba kunditonthoza. Pomalizila analowa azibambo awili a kuchalichi, anandinyamula m'khwapa, chitenge chikumasuka, patapata imodzi kutsala m'nyumba. Kumanda ndinaonela pa windo la motoka ya munthu wina. Dothi pa bokosi la mlongo wanga sindinaponye. Nkhata yanga anakaika Tiya.

Kuchokela tsiku limenelo ndinayamba kuopa pansi. Ku malilo ena ndinapempha mpando. Mkazi pa mpando m'nyumba ya malilo, anzake onse ali pansi, muona mmene chionekela. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Aba ba ku ofesi bazimvela, pansi pabanyansa." Pakamwa panga sipachedwa, ndinamuyankha mau amene sindingabweleze m'holo ya chalichi. Ndiye ndinaleka kupita ku malilo. Makichini pate, maphwando aja a akwatibwi, ndinaleka. Kuchalichi ndinalekanso, chifukwa nthawi yogwada onse agwada, ine ndili chiimile ngati mlonda.

Mapilisi anachuluka. Wa kemisiti akayamba kufunsa mafunso ndinkasintha, lelo Kabwata, mawa Kamwala, mkucha m'tauni. Mnzanga wina anati kawaini pang'ono kabweletsa tulo. Tikhale nawo analanda malo. Kawaini ka tulo kanakhala ka masana, ndikumwela mu kapu ya tiyi kuti aneba akagogoda aone tiyi. Kunchito ndinayamba kulakwitsa, kujomba, kukalipila anthu osalakwa. Anandiitana, anandiuza mwaulemu kuti ndikapumule, ndipo sanandiitanenso. Mafuta odzozedwa ndinapaka, lamba wa msana ndinamanga, ku mapemphelo a machilitso ndinaima pa mzele. Sindinyoza pemphelo, amai, mpaka lelo ndipemphela. Koma ine ndinkafuna chozizwitsa cha lelo lomwe, chosafuna thukuta langa.

Choipa cha msana nchakuti sukhala, suima, sugona. Ndinkayenda m'fulati muja kuchoka pa windo kupita kukichini, kubwelela, kutsegula filiji, kutseka, kuyatsa tivi, kuzimitsa. Aneba a pansi anadandaula kuti pamwamba pao pali munthu wosamuka tsiku lililonse. Ndinali wokwiya nthawi zonse, ndipo sindinkadziwa amene ndamukwiyila.

Pamene ine ndinali kuzungulila m'fulati, Tiya anamaliza koleji, anapeza nchito ku Kabulonga, anapezanso mnyamata wa ku Chelstone, wa banja la Chibemba. Zokambilana ndi akuchimuna anayendetsa amalume ake. Inatsala chilanga mulilo. Ambili mwasenzako mapoto, koma ndinene chifukwa cha amene sanapiteko. Ife akuchikazi tiphika zakudya za kwathu mitundu yonse, tisenza pamutu, ng'oma ikulila, kupita nazo kwa akuchimuna. Mkwatibwi atsala kunyumba. Wotsogolela akalowa agwada, kenaka akunkula, ndiye kuti agona pansi chammbali, aomba m'manja, atembenukila mbali inayo, aombanso. Ndiwo ulemu wake. Manje kwathu wotsogolela akanakhala ndani? Amai ake kulibe, atate ake kulibe. Atate ake aakazi ndine, ndipo ndinatsala ndekha.

Tiya anabwela masana ena pa Chiwelu. Anaona kapu ya tiyi ija pa tebulo, anainunkhiza, anakaitsuka. Atabwelako anagwada pafupi ndi sofa.

"Ba anti, musavutike," anatelo. "Nakamba na ba metiloni ba ku Chilenje, baja bamene bachita va chilanga mulilo. Beve bazatsogolela. Imwe muzankala chabe mu motoka pa geti, tizapeza yamene ili na mipando yabwino."

"Mu motoka," ndinatelo.

"Kaili pansi simungakwanise. Sinifuna bakunyamuleni futi pamenso pa bapongozi banga."

Mwanayo sanalakwe, ananena mwachikondi. Koma ine ndinaona windo lija la kumanda. Mwana wa Yotamu akapelekedwe ndi anthu olipidwa, akuchimuna akafunsa kuti kodi uyu alibe abale, ayankhidwe kuti alipo mmodzi, ali pa geti. Zinandipweteka koopsa, ndipo ine chikandipweteka ndimaluma. Ndinamuuza kuti atuluke, akakwatiwe ndi mametiloni akewo. Anatsika masitepe akulila.

Atapita ndinati kutsutsa galu nkukumba. Ndinakankha tebulo, ndinamanga chitenge, ndinagwada. Kugwada ndinagwada, kugona ndinagona, ngakhale m'manja ndinaomba. Nditati ndiuke, chija chinandibaya. Ndinayesanso, mutu patsogolo, mano olumana, chinabayanso. Foni inali pamwamba pa filiji. Ndinagona pamenepo pakati pa sofa ndi tebulo, ndikuona dzuwa likutsika pa khoma. Pansi pa sofa panali mapaketi a mapilisi opanda kanthu amene ndinkakankhila kumeneko ndi phazi, ndi zitsekelo za mabotolo, zambili kuposa mmene ndinkaganizila. Kunja ana anali kusewela mpila, amai a ndiwo anali kuitana lepu ndi chibwabwa. Ndikanakuwa akanamva, koma manyazi anandiletsa. Ndinadzikodzela pamenepo, amai. Ndanena kuti sindibisa. Mkazi wamkulu, wa mu ofesi, m'nyumba mwake yemwe.

Ndinadzikoka ndi zigongono mpaka pa sofa, ndinakwela ngati mwana wophunzila kuima. Nditasamba ndinaimbila Tiya. Ndinati, "Mwana wanga, bwela unipeleke ku chipatala." Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditamva.

Kwa dokotala ndinaulula zonse, mapilisi ndi za mu kapu zomwe. Anandiyeza, anandijambula, anati palibe chofuna opaleshoni, koma nyama za m'mimba ndi za kumsana, ndiye kuti minofu, zinagona, zinasiyila mafupa nchito yonse. Mapilisi anandichotsa pang'onopang'ono. Ndi waini ndinagwa nkuuka, kugwa nkuuka, sindinama. Ananditumiza kwa wa fiziyo, amene anandiwongolawongola kwa kanthawi, kenaka tsiku lina anati, "Manje muyambe pilatesi."

Ndinamuyang'ana. "Pilatesi? Uja anasamba m'manja pa mulandu wa Ambuye?"

Anaseka mpaka kugwila tebulo. Anandiuza kuti ndi maseŵela olimbitsa pakati pa thupi, m'mimba, m'chiuno ndi msana, ochitika mosathamanga, munthu atagona pa mati. Ndinati zimenezo nza apamwamba a ku Kabulonga, amene alibe zochapa. Koma mau akuti atagona ndiwo anandiopsa kwenikweni, chifukwa kugona kwake nkwa pansi.

Kalasi inali ku Woodlands, m'chipinda cha pamwamba pa mashopu. Ndinafika ndi nsapato zothamangila zatsopano, thaulo pakhosi, chitenge chomanga zolimba, mimba yodzala, poti ndinati kuli kudumpha ndiyenela mphamvu. Nsapato anandivula pakhomo. Kunalibe nyimbo zophokosela, kunalibe wodumpha. Mati chabe, zoyala pansi, ndi azimai ochepa atagona chagada ngati odikila jekeseni. Mtima unati bwelela, minibasi ikadali pa siteshoni.

Mphunzitsi anali ba Mutinta, mzimai wa msinkhu wapakati, wolankhula motsitsa mpaka munthu waphuma ngati ine ayambe kuyabwa. Anandifunsa pamene pawawa, zimene dokotala ananena, ngati ululu utsika mwendo. Anabweletsa mpando, anandionetsa kutsika nditaugwila, bondo limodzi, kenaka linzake. Nditagona anati, "Pumani, ba anti."

"Sininaleme," ndinatelo. "Tiyeni tiyambe."

"Sinikamba vopumula. Nikamba mphepo. Ingene na mphuno, ifike mu nthiti, muichose na pakamwa pang'ono pang'ono."

Ine kukwela minibasi ziwili kudzaphunzila kupuma, chinthu chimene ndachita chibadwile. Ndinatsala pang'ono kumuuza. Koma anatenga manja anga nkuwaika pa nthiti zanga, anati ndikweze bondo limodzi. Nthiti zinaima. Nthawi iliyonse ndikati ndisunthe, ndinkagwila mpweya chifukwa cha mantha, thupi lonse nkuuma. Zaka zonsezo ndinkapumila pakhosi ngati nkhuku yothamangitsidwa, ndipo sindinkadziwa.

Kenaka anati, "Manje sendezani chiuno, musana ugone pa mati." Amai, ine kwa alangizi ndinapita, ndipo ndinakhoza bwino. Nditamva mau akuti chiuno, thupi linakumbuka sukulu yake yakale. Ndi msana wanga wakufawo ndinayamba kugwedeza chiuno. Mzimai wa pambali panga anabisa nkhope mu thaulo, mapewa akugwedezeka. Ba Mutinta sanaseke. Anati, "Ba anti, kuno kulibe ng'oma. Chiuno ni chamene icho, koma kamozi chabe, pang'ono, monga muli na tumanzi pa muchombo, mufuna tuyende ku chifuba." Ndinachita kamodzi, pang'ono. Ndinamva kanyama kena pansi pa mchombo kakudzuka, kamene sindinkadziwa kuti ndili nako.

Kalasi itatha onse anapinda mati zao, anaimilila, anayamba kuvala nsapato. Ine ndili chagada. Ndinatambasula dzanja.

"Nikokeni," ndinatelo.

"Iyayi," anatelo ba Mutinta. "Nikakukokani lelo, ku nyumba azakukokani ndani?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti alibe ulemu, kuti ine ndine mkulu wake, kuti ndinadziwa kuti malo ano nga anthu onyada. Ndikukamba choncho misozi ikutsikila m'makutu, chifukwa munthu wogona chagada misozi yake ipita kumeneko. Iye anauza anzanga aja kuti apite bwino, anatseka chitseko, anayala mati ina, anagona pambali panga. Tonse awili tikuyang'ana denga. Anandifunsa chimene chandibweletsa. Osati za msana, anatelo, zimenezo wamva kale. Ndiye ndinamuuza za Yotamu, za patapata yotsala m'nyumba, za Tiya ndi motoka ya pa geti. Anapitiliza kuyang'ana denga. Ine chete sindimukonda, koma ndikanapita kuti?

"Kukunkula mukuziba?" anafunsa.

"Nikuziba. Ndiye kwamene kunanigwesa."

"Sikunakugweseni. Chamene chinakugwesani ni kufuna kuuka na musana, mutu pasogolo. Pindani mawondo. Manje kunkulani, muyende ku mbali monga mupasa ulemu bapongozi. Chosani mphepo pamene mutembenuka."

Ndinatulutsa mpweya, ndinatembenuka. Sichinabaye. Ndinagona chammbali ndikudikila kuti chibaye, koma ayi. Anati dzanja lija liomba m'manja, liikeni pansi patsogolo pa chifuwa, mukankhe pansi, msana musaupemphe kanthu. Ndinakankha, ndinapezeka ndakhala pa ntchafu. Anati manja ndi mawondo. Anati phazi limodzi kutsogolo, dzanja pa mpando, tulutsani mpweya. Ndinaimilila. Mpando unandithandiza, inde, koma m'khwapa mwanga munalibe dzanja la munthu. Ndinasangalala mpaka ndinachita mantha, ndinaima pamenepo ndikuyang'ana mati ija ngati ingandiitanenso. Chinthu chimene ndinkachiopa kwambili, kukunkula, ndicho chinali theka la njila youkila. Ba Mutinta anali akadali pansi. Anangoti, "Mati mupinde mweka, ba anti."

M'mawa mwake thupi lonse linali kuwawa, ngakhale poseka. Ndinalumbila kuti sindibwelelako. Ndinabwelela chifukwa tsiku la Tiya silinali kundidikila.

Manje ndikuuzeni zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Yambani ndi dokotala, ndipo mumuuze zoona, kuphatikizapo zimene zili mu kapu. Msana wina sufuna mati, ufuna chipatala, ndipo inu simungadziwe nokha. Akakulolani, funani kalasi ya oyamba kumene, ya anthu ochepa. Mphunzitsi akapanda kukufunsani mafunso musanagone, valani nsapato mubwelele. Zovala musavutike nazo. Malegini ndi tisheti, chitenge pamwamba chifukwa cha makondakitala a m'njila, mukafika mumasule, poti mphunzitsi afunika kuona mmene chiuno chakhalila. Mapazi opanda kanthu kapena masokosi. Ndipo musapite mutakhuta ngati ine, muzavutika pogona chagada.

Ululu uli mitundu iwili, muusiyanitse. Kuli kutentha kwa nyama imene yayamba kugwila nchito, kumeneko pililani. Kuli kubaya kotsika mwendo, kapena dzanzi, kumeneko imani munene. Si mpikisano. Pambali panga pankagona mzimai wa ku Avondale wopindika ngati chitenge, ndinkamuchitila nsanje mpaka ndinamva kuti anayamba ine ndikadali ku Heavy Industrial. Maso anu akhale pa denga.

Cholakwa changa chachikulu chinali chomwe chija, phuma. Nditaona kuti zayamba kuyenda, ndinati ndichulutse kuti ndichile msanga. Kunyumba ndinkachita m'mawa, masana, madzulo, pa matilesi ofewa, ndikuonjeza zina zimene ndinaona pa foni. Ndinavutitsa ba Mutinta kuti andikweze pa kabedi kena ka masipuling'i kamene amachitilapo odziwa. Msana unagwilanso. Ndinagona masiku angapo ndikuganiza za kemisiti wa ku Kamwala, ndipo tsiku lina ndinavala nsapato kuti ndipite. Ndinakhala pa masitepe, ndinaimbila mnzanga wa kuchalichi amene tinapangana kuti ndizimuimbila zikafika potelo. Anabwela, tinamwa tiyi weniweni. Nditabwelela ku kalasi ba Mutinta anangoti, "Imwe vuto yanu si musana, ni kutamanga." Kuthamanga sikufika, ndinaphunzila ndi thupi langa.

Ndiye kunyumba chitani pang'ono, zimene mphunzitsi wakupatsani basi, pansi penipeni, pa mati kapena bulangeti lopinda. Malaiti akapita si chifukwa cholekela, sizifuna magetsi. Ku Woodlands sikotchipa, sindinama, koma mukagwilizana mungaitane mphunzitsi m'holo yomwe ino. Ndipo musayembekezele kudzuka tsiku lina muli atsikana. Ine ndinazindikila tsiku lina kuti ndafika pamwamba pa masitepe ndi baketi ya madzi osaima panjila. Tsiku lina ndinadula zala za kumapazi ndekha. Sindikuti pilatesi inachotsa waini. Koma nkovuta kugona pa mati m'mawa, mphunzitsi ataŵelama pafupi ndi nkhope yako nkumati tulutsani mpweya, iwe ukudziwa chimene mpweyawo ukununkha. Manyazi amenewo anandithandiza.

Tiya sindinamuuze zimene ndinkakonzekela. Ankadziwa kuti ndipita ku Woodlands, basi. Miyezi inapita, kuzizila kunatha, majakalanda anachita maluwa. Ba Mutinta anachotsa mpando, anandiphunzitsa kukankha pa ntchafu yanga. Tsiku linafika. Tinaphikila kwa amalume ake ku Chilenje kuyambila m'mamawa, utsi m'maso, mapoto atamangidwa mu nsalu. Ponyamuka Tiya anandinong'oneza kuti, "Ba anti, motoka yanu ni ija yoyela." Ndinati chabwino.

Ku Chelstone ng'oma itayamba pa geti, ndinatsegula chitseko cha motoka yoyela ija, ndinatsika. Ndinamanga chitenge. Poto wolemela ba Mutinta anandiletsa, ndiye ndinatenga mbale ya nkhuku, ndinakaima kutsogolo kwa mzele. Metiloni wamkulu anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Ba mayo, muzakwanisa?" Ndinati, "Imbani chabe, ine ndine batate bake bakazi."

M'nyumba munali modzala. Mkwati ali pakati, abale ake kuzungulila, mafoni m'mwamba. Pansi panali matailosi, ozizila, otelela, opanda mati. Ndinatula mbale. Bondo limodzi, linzake. Ndinagona chammbali, ndinaomba m'manja. Ndinatulutsa mpweya, ndinatembenuka, ndinaombanso. Ulemu unatha pamenepo, kunatsala kuuka. Ndipo ndinapezeka ndagonela mbali yoipa, ya mwendo uja. Ndinati ndikankhe, msana unandichenjeza. Mantha akale anabwela onse, nthiti zinaima. Ndili pansi choncho ndinaona nsapato za azibambo awili zikuyandikila, zakuda, zopukuta bwino. Ndinazidziwa nsapato zimenezo, amai, ngakhale eni ake anali ena.

Ndinapuma. Osati kupumula, kupuma. Ndinapinda mawondo, ndinakunkula kachitatu kupita mbali yanga yabwino, ndipo poti ndafika kale, ndinaombanso m'manja. Azimai a kuchimuna anayamba nthungululu. Ndinamva wina akuti, "Aba ni bantu ba muchinshi," ndiye kuti anthu aulemu. Iwo anaona ulemu woonjeza, pamene ine ndinali kufuna njila youkila. Nsapato zija zinabwelela m'mbuyo. Dzanja pansi, kukankha, manja ndi mawondo, phazi kutsogolo, dzanja pa ntchafu. Ndinaimilila pakati pa nyumba ya apongozi a Tiya, chitenge chili chimangile.

Pakona panali mzimai mmodzi wa kuchimuna atakhala pa mpando, anzake onse ali pansi, maso ake ali pa mapazi. Potuluka anandigwila pa dzanja, anandifunsa motsitsa kuti, "Mwaima shani?" ndiye kuti mwauka bwanji. Lelo ali muno m'holo, koma sindimuloza.

Titabwelela ku Chilenje, Tiya anali ataona kale zonse pa foni, anzake anamutumizila. Ndinamupeza pabalaza. Anagwada patsogolo panga. Ndinaona mutu wake uli pansi, ndinaona makutu a Yotamu, chifukwa mwanayo anatenga makutu a atate ake. Sindinamuuze kuti aimilile. Ndinatsika ine. Ndinakhala naye pansi, miyendo yotambasula, msana kukhoma, mmene azimai tikhalila. Ndipo pamenepo malilo a mlongo wanga, amene ndinawasiya pakati tsiku lija anandinyamula, anabwela onse. Ndinamulila Yotamu ndi dzina lake. Tinalila awili pa tsiku lachisangalalo, mametiloni ataima pakhomo ndi mapoto opanda kanthu, osadziwa chochita. Titatonthola Tiya anaimilila, anatambasula dzanja.

"Ba anti, nikugwileni?"

"Iyayi mwana wanga," ndinatelo. "Nizauka neka."

Msana ukadali wanga womwe uja, masiku ena uwawa. Phuma nalo silinathe, mwaona nokha mmene ndayendela apa kutsogolo. Koma ku malilo ndinabwelela, ndipo ndikhala pansi pamodzi ndi anzanga. Ndiye mipando iyi tiikankhile kukhoma, titsale ndi umodzi wogwila potsika. Amene aopa pansi kwambili ndiye ayambe kubwela kuno pafupi ndi ine. Sindikukokani, amai. Ndigona pambali panu.